Chigawo cha fodya chinawapeza kuti anthu a sayansi? Nkhani ya North Carolina

Funso: Ndine mphunzitsi wa zamagetsi pa koleji ina ya ntchito zamanja. Mphwanga ali ku America, m'chigawo cha North Carolina, ndipo amagwira ntchito pa fakitale yopanga mankhwala. Akuti kumeneko kale ankadalira fodya ngati ife, koma lero ndi kuchimake kwa ntchito za sayansi. Kodi boma la chigawocho linachita chiyani kuti lipeze anthu odziwa ntchito zimenezi? Ndi mayunivesite, kapena ndi ndalama chabe za dziko lolemera?

Yankho: Aphunzitsi, mphwanu wanena zoona, ndipo yankho la funso lanu likukhudza ntchito yanu yomweyo. Mayunivesite anathandiza, ndalama za dziko lolemera zinathandizanso, zimenezo sindingatsutse. Koma zigawo zina za America zinali nazo zonse ziwiri, osafika pamene North Carolina yafika. Kwa ine chimene chinasiyanitsa chigawochi n'chakuti boma lake linalimbikira kwa zaka zoposa 60 kuphunzitsa anthu apakati: oyendetsa makina, oyeza zinthu m'labotale, okonza zamagetsi, anthu amene mayina awo satuluka m'nyuzipepala koma akapanda kubwera m'mawa fakitale imaima. Anthu amenewa amaphunzira m'makoleji ofanana ndi yanuyo.

Choyamba mudziwe kukula kwa mphamvu za boma limene tikunenali. America ili ndi zigawo 50, ndipo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthu, nyumba yake ya malamulo, misonkho yake ndi bajeti yake. Maphunziro ali m'manja mwa zigawo. Boma lalikulu la ku Washington limaponyapo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama zoyendetsera sukulu za pulayimale ndi sekondale, zotsalazo zimachokera ku chigawo ndi ku maboma ang'onoang'ono a m'kati mwake. North Carolina ili ndi maboma otere 100. Kukula kwake imaposa Malawi pang'ono, anthu ake ndi pafupifupi 11 miliyoni. Choncho boma la chigawo ndi boma lokhala ndi thumba lakelake, lotha kumanga koleji, kulemba aphunzitsi ndi kukweza msonkho osapempha chilolezo kwa wina aliyense.

M'zaka za m'ma 1950 chigawochi chinkadalira fodya, nsalu ndi mipando. Ntchito zonse zitatuzi zinali za malipiro ochepa, moti poyerekeza ndalama zimene munthu mmodzi ankapeza pachaka, North Carolina inali pafupi ndi kumchira kwa zigawo zonse. Chowawa n'chakuti mayunivesite abwino analipo kale: University of North Carolina ku Chapel Hill, North Carolina State ku Raleigh, ndi Duke ku Durham, imene inakula ndi chuma cha banja la Duke, eni ake a malonda a fodya. Ankatulutsa mainjiniya ndi akatswiri a kemisitiri, koma anyamatawo akangolandira digiri ankalongedza katundu ulendo wa kumpoto, poti kwawo kunalibe wowalemba ntchito. Msonkho wa mlimi wa fodya unkaphunzitsira antchito makampani a zigawo zina.

Bwanamkubwa wa nthawiyo, Luther Hodges, amene asanalowe ndale anali mkulu wa mafakitale a nsalu, anagwirizana ndi amalonda ndi akuluakulu a mayunivesite kuti pakati pa mizinda itatuyo pakhale malo okhazikitsapo malabotale a makampani. Mkulu wina wa banki ya Wachovia, Archie Davis, anakana zoti malowo akhale bizinesi ya anthu ochepa. Anayenda m'chigawo chonse kupempha zopereka, ndipo mu Januwale 1959 kunalengezedwa kuti zapezeka ndalama zokwana madola 1.425 miliyoni. Umu ndi mmene Research Triangle Park inabadwira. Lero ili ndi maekala 7,000, makampani oposa 300, ndipo anthu oposa 50,000 amagwira ntchito mmenemo.

Ambiri ofotokoza nkhaniyi amaimira pomwepa, ndipo atsogoleri a mayiko ena akapitako amabwerera kwawo ndi maganizo opatula malo, kulambula msewu ndi kuika chikwangwani. Amaiwala kuti kwa zaka pafupifupi 6 malowo anali nkhalango ya mitengo ya paini ndi minda yoguga, muli nyumba zowerengeka. Kampani ya Chemstrand inabwera mu 1960, kenaka kunati zii. Zinthu zinasintha mu 1965 pamene boma la ku Washington linasankha malowa kuti limangepo likulu la kafukufuku wa zaumoyo ndi zachilengedwe, ndipo kampani ya makompyuta ya IBM inalengeza kuti ikubwera. M'zaka zachetezo boma la chigawo silinakhale manja lende kudikira alendo, linali likuchita ntchito ina imene siitchuka.

Ntchitoyo mwini wake anali Dallas Herring, munthu wa m'tauni yaing'ono ya Rose Hill, amene bizinesi ya banja lake inali yopanga mabokosi a maliro. Anakhala wapampando wa bungwe loona za maphunziro m'chigawocho kuyambira 1957 mpaka 1977. Iye ndi Hodges anayambitsa malo ophunzitsira ntchito za m'mafakitale, oyamba ake mu 1958, ndipo mu 1963, pansi pa bwanamkubwa Terry Sanford, malowa anaphatikizidwa ndi makoleji ena kukhala dongosolo limodzi la makoleji a m'madera. Lero alipo 58, omwazikana mwakuti pafupifupi aliyense angathe kupita kukaphunzira madzulo ataweruka kuntchito n'kubwerera kukagona kwake. Mfundo ya Herring inali yakuti koleji imulandire munthu pamene ali, ndi kumufikitsa kutali kumene iyeyo angathe kufika. Wosatha kuwerenga bwino ayambire pamenepo. Wofuna kuwotcherera zitsulo aphunzire zimenezo. Wotha masamu apitirire mpaka ku yunivesite. Khomo silitsekedwa chifukwa chakuti munthu sanakhoze bwino ali ndi zaka 17.

Chida china chimene anayambitsa nthawi yomweyo, ndipo chikugwirabe ntchito, ndi maphunziro osokedwa molingana ndi kampani. Kampani ikanena kuti ikufuna kumanga fakitale kapena kukuza imene ilipo, anthu a ku koleji ya m'deralo amakhala pansi ndi mainjiniya ake, amaona makina amene adzagwiritsidwe ntchito, amalemba maphunziro a ntchito yeniyeniyo, n'kuyamba kuphunzitsa anthu nyumba ya fakitale isanathe n'komwe. Ndalama zake amalipira ndi boma la chigawo. Tsiku limene makina ayatsidwa, anthu owadziwa amakhala ataima kale pambali pake. Mkulu wa kampani amene akusankha pakati pa zigawo zitatu kapena zinayi amaliwerengera kwambiri lonjezo limeneli, chifukwa mwezi uliwonse umene fakitale yatsopano yakhala osatulutsa katundu ndi ndalama zotayika.

Zonsezi zinafuna ndalama, ndipo apa ndi pamene ndimamulemekeza Sanford. Mu 1961 anauza anthu poyera kuti sukulu zabwino sizingabwere popanda msonkho, ndipo anakankha lamulo loika msonkho pa chakudya chogula m'sitolo. Ndalamazo zinakweza malipiro a aphunzitsi ndi kulembera ena ambiri. Anthu anadana nawo msonkhowo, anaupatsa dzina lake, ndipo unamutsatira pa ndale kwa zaka zambiri. Ine ndemwe sindiukonda msonkho wa pa chakudya, chifukwa umapweteka wosauka koposa wolemera. Koma munthuyu anatchula mtengo wa chimene ankalonjeza, ndi kumene ndalama zake zidzachokere. Patapita zaka 39, mu 2000, anthu a chigawocho anavota okha kuti boma likongole madola 3.1 biliyoni omangira ndi kukonzera nyumba za mayunivesite ndi makoleji a m'madera, ndipo ganizolo linapambana m'maboma onse 100. Anthu savotera ngongole yotere ngati sanaonepo mwana wa mnansi wawo atapindula.

Jim Hunt, amene analamulira kuyambira 1977 mpaka 1985 ndi kubwereranso 1993 mpaka 2001, anawonjezera za pamwamba. Mu 1980 anatsegula North Carolina School of Science and Mathematics ku Durham, m'nyumba zimene kale zinali chipatala. Inali sukulu yoyamba ya boma yogonera konko yophunzitsa sayansi ndi masamu m'dziko lonselo, ya ana a zaka ziwiri zomaliza za sekondale, ndipo kholo sililipira kanthu. Malo amagawidwa potsata madera a aphungu, kuti mwana wa kumapiri kapena wa kugombe asapikisane ndi ana a mapulofesa a ku Chapel Hill okha. Ife nkhani ya kota timaidziwa mmene imawawira, koma kumeneko anaona kuti popanda kutero sukuluyo idzadzaza ndi ana a mizinda itatu yokha. Nthambi yachiwiri inatsegulidwa ku Morganton mu 2022. M'chaka chomwecho cha 1980 Hunt anakhazikitsanso likulu la kafukufuku wa tizipangizo ta m'kompyuta, akuyembekeza kuti mafakitale ake adzakhamukira kumeneko. Sanabwere mochuluka monga ankaganizira, ndipo bungwelo linasanduka loyendetsa intaneti ya sukulu ndi makoleji. Chimene chinagwira ndi cha mu 1984, North Carolina Biotechnology Center, bungwe loyamba la mtundu wake lothandizidwa ndi boma la chigawo, loona za mankhwala ndi zinthu zina zopangidwa pogwiritsa ntchito maselo amoyo. Onani kuti boma linaponya mbedza ziwiri, ina inakola, ina ayi, ndipo palibe amene akanadziwiratu.

Tsopano tifike pa fakitale ya mphwanuyo, chifukwa apa ndi pamene fodya akulowanso m'nkhani. Mu 1998 makampani akuluakulu a ndudu anavomera kulipira zigawo 46 ndalama zoposa madola 200 biliyoni m'zaka 25, chifukwa cha matenda obwera ndi kusuta. Zigawo zambiri zinatsekera ndalamazo mabowo a m'bajeti, zinatha osaoneka. North Carolina inapatula theka la gawo lake n'kuliika m'bungwe lotchedwa Golden LEAF, lokhazikitsidwa mu 1999 kuti lithandize madera amene ankadalira fodya kupeza zochita zina. Mu 2003 bungweli linapereka madola 60 miliyoni kuti anthu aphunzire ntchito za m'mafakitale a mankhwala. Makampani anali atadandaula kuti anthu a digiri ya udokotala wa sayansi akuwapeza, koma anthu otha kuyendetsa thanki yolereramo maselo usiku wonse osaiipitsa akusowa.

Ndalamazo zinagawidwa patatu. Ku North Carolina State anamanga BTEC, imene inatsegulidwa mu 2007: ndi fakitale yeniyeni yaing'ono, ya matanki a zitsulo zosachita dzimbiri, mapaipi, zosefera ndi zipinda zosalowa fumbi, koma ntchito yake ndi kuphunzitsa basi. Ku North Carolina Central University, yunivesite imene inakhazikitsidwira anthu akuda nthawi ya tsankho, anamanga BRITE, yophunzitsa kafukufuku wa mankhwala. Gawo lachitatu linapita ku makoleji a m'madera, kumene kuli kosi yotchedwa BioWork. Ndi ya maola oposa 120, imatha m'miyezi yochepa, ena amaphunzira madzulo, ndipo chofunika polowa ndi satifiketi ya sekondale yokha.

Mufunseni mphwanu zimene munthu amaphunzira asanaloledwe kukhudza kanthu m'fakitale yotere, mudzadabwa kuti zambiri si sayansi yozama. Amaphunzira kuvala. Kusamba m'manja mwadongosolo, kuvala chophimba tsitsi, chakumaso, ovololo yophikidwa kuti iphe tizilombo, osailola kukhudza pansi, osaigwira kunja kwake, kenaka magolovesi pamwamba pa magolovesi ena. Akatha amamudinditsa zala pa kambale ka chakudya cha tizilombo, kambaleko n'kuikidwa pofunda masiku angapo. Pakamera kanthu, ayambirenso. Amaphunzira kulemba. Chilichonse chimene wachita amalemba nthawi yomweyo ndi cholembera chosafufutika. Akalakwitsa nambala safufuta kapena kumatapo, amadula mzere umodzi kuti cholakwikacho chizionekabe, amalemba choona pambali, amasaina ndi kuika deti. Pa masitepe ofunika mnzake amaonerera n'kusainanso. Amaphunzira kuyeza kulemera, kutentha ndi kuwawasa kwa madzi, ndi kuona kaye ngati sikelo ili m'chimake asanaikhulupirire. Chifukwa chake n'chakuti thanki imodzi ikalowa tizilombo, mankhwala a ndalama zambirimbiri amatayidwa, ndipo pepala limodzi lokayikitsa lingachititse oyang'anira mankhwala kuimitsa katundu yense. Munthu amene anagwirapo ntchito zaka 15 pa makina oluka nsalu, wozolowera mashifiti ndi malamulo a chitetezo, zimenezi amazigwira msanga akapeza womuphunzitsa.

Zotsatira zake mungazione ku Clayton, m'boma la Johnston, dera la minda ya fodya ndi mbatata. Kuli mafakitale a Novo Nordisk, opanga mankhwala a matenda a shuga, ndi a Grifols, opanga mankhwala ochokera m'madzi a m'magazi, ndipo pafupi pomwepo pali malo ophunzitsira a koleji ya m'deralo okhala ndi zipangizo zofanana ndi za m'mafakitalewo. Mu 2024 Novo Nordisk inalengeza kuti iwonjezera fakitale ina ya madola 4.1 biliyoni komweko. Ku Holly Springs kwabwera mafakitale a mankhwala a Fujifilm ndi Amgen. M'chigawo chonse anthu oposa 70,000 amagwira ntchito m'makampani a mankhwala ndi sayansi ya zamoyo, ndipo ambiri a m'mafakitalewo alibe digiri ya udokotala wa sayansi kapena ya masitazi.

Chinanso chimene ndikufuna muchione, monga mphunzitsi wa pa koleji ya ntchito zamanja, n'chakuti kosi yaifupi simathero a njira. Kuyambira 1997 pali pangano pakati pa makoleji a m'madera ndi mayunivesite 16 a boma, lakuti zimene munthu wakhoza pa koleji ziwerengedwe akapita ku yunivesite. Wa dipuloma ya zaka ziwiri sayambiranso chaka choyamba. Kuyambira 2004, pansi pa bwanamkubwa Mike Easley, anayambanso kutsegula sukulu za sekondale m'kati mwa makoleji, kumene mwana amatha zaka 5 n'kutuluka ndi satifiketi ya sekondale pamodzi ndi dipuloma, osalipira. Zilipo zoposa 100, ndipo zimafunafuna makamaka ana amene makolo awo sanapiteko ku koleji. Poti ofuna malo ankachuluka, sukulu zina zinkasankha mwa mayere, ndipo zimenezi zinapatsa ofufuza a ku yunivesite ya ku Greensboro mwayi wotsatira kwa zaka zambiri ana amene mayere anawagwera ndi amene sanawagwere. Anapeza kuti olowa m'sukuluzi amene anadzapeza mapepala a koleji anali ochulukirapo. Umenewu ndi umboni wolimba kuposa zolankhula za pamsonkhano. Ngakhale kagawidwe ka ndalama kanasinthidwa: boma limapatsa koleji ndalama zochulukirapo pa wophunzira wa kosi yofuna zipangizo zodula kuposa pa wophunzira wa kosi yongofuna bolodi ndi choko. Popanda zimenezo mkulu wa koleji aliyense amakokera ku makosi otsika mtengo.

Ndikanakhala wonama ndikanati zonse zinayenda bwino. Mu Julaye 2003 kampani ya Pillowtex, yopanga matawulo ndi nsalu zofunda ku Kannapolis, inatseka, ndipo anthu pafupifupi 4,800 m'chigawocho anachotsedwa ntchito nthawi imodzi. Ambiri anali a zaka za m'ma 40 ndi 50, ndipo ochuluka ndithu anali asanamalize sekondale, poti anasiya sukulu ali achinyamata kukalowa m'fakitale mmene makolo awo ankagwira. Koleji ya m'deralo inadzaza, koma anthu ambiri anayenera kuyambira pa kuwerenga ndi masamu a pansi. Pamalo pa fakitaleyo panamangidwa malabotale okongola a kafukufuku wa zakudya amene anatsegulidwa mu 2008, koma ntchito za mmenemo zinali zochepa ndiponso zofuna madigiri. Mayi amene anasoka mipendero ya matawulo zaka 30 sanapeze malo mmenemo. Kosi ya miyezi itatu singabweze zimene sukulu ya pulayimale inalephera kupereka zaka 40 zapitazo.

Kuli kulakwitsa kwinanso kumene maboma a zigawo sakuleka, kopikisana ponyengerera makampani ndi ndalama. Mu 2004 chigawochi pamodzi ndi maboma a m'deralo analonjeza kampani ya Dell zokoma za pafupifupi madola 280 miliyoni kuti imange fakitale ya makompyuta ku Winston-Salem. Inatsegulidwa mu 2005, ndipo mu 2009 kampaniyo inalengeza kuti ikutseka, anthu pafupifupi 900 n'kutsala padzuwa. Mwayi wake ndalama zambiri zinali zoti ziziperekedwa pang'onopang'ono malinga ndi ntchito zimene zapezeka, ndipo kampaniyo inabweza zina. Mu 2021 Apple inalonjezedwa zoposa madola 800 miliyoni m'zaka 39 kuti ibweretse ntchito 3,000, koma mu 2024 ntchito yomanga inaimitsidwa kaye. Ine maganizo anga pa zimenezi ndi osabisa. Kampani imapita kumene phindu lapita, ndipo palibe pangano limene lingaimange mpaka kale. Koma munthu amene anaphunzira kuwerenga pulani ya mawaya kapena kuyendetsa makina pa koleji ya boma, fakitale ikatseka amakhalabe m'tauni momwemo ndi luso lake, ndipo ndi iyeyo amene kampani yotsatira imabwera kudzamufuna.

Bala lalikulu kwambiri lili pansi, ku pulayimale ndi ku sekondale. Mu 1994 maboma asanu osauka, Hoke, Halifax, Robeson, Vance ndi Cumberland, anasumira boma la chigawo kuti ana awo sakulandira maphunziro oyenera. Mlanduwo umadziwika ndi dzina lakuti Leandro. Mu 1997 khoti lalikulu la chigawocho linagamula kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wolandira maphunziro oyambira abwino, koma mkangano wa ndalama zokwaniritsira chigamulocho unakoka zaka zoposa 25. Aphunzitsi a masamu ndi sayansi amasowa kwambiri m'madera omwewo. Chigawochi chinali ndi njira yabwino yowapezera, yoyambika mu 1986, yolipirira ana okhoza bwino maphunziro a uphunzitsi iwo n'kubweza pophunzitsa zaka 4 m'sukulu za boma. Aphungu anaidula mu 2011 pofuna kuchepetsa bajeti, ndipo mu 2017 anaibwezeretsa yaing'ono, yolunjika pa sayansi, masamu ndi ana ofuna chithandizo chapadera. Mu Meyi 2018 aphunzitsi zikwizikwi anayenda m'misewu ya Raleigh kudandaula za malipiro. Zimandipweteka kuti mtunda wosakwana maola awiri pa galimoto kuchokera pa malabotale otchuka padziko lonse pali ana amene chaka chimatha akuphunzitsidwa masamu ndi munthu wongogwirizira.

Mudziwenso kuti anthu a sayansi amene mphwanu amakumana nawo si onse anaphunzitsidwa ndi chigawocho. Ambiri anachokera ku zigawo zina, ku India, ku China, ndi kuno ku Africa monga iyeyo. Ndalama zambiri za kafukufuku wa m'mayunivesite zimachokera ku Washington. Chimene boma la chigawo linachita ndi kusandutsa dera limene ophunzira ankathawa kukhala dera limene ophunzira a kwina amathamangirako, ndi kuonetsetsa kuti eni dera nawo ali ndi khomo lolowera. Khomo limenelo silinatsegukire onse nthawi imodzi. Pamene Research Triangle Park inkayamba, tsankho linali likadali lamulo, ndipo ophunzira a yunivesite ya North Carolina A&T ndi amene mu 1960 anakhala pansi m'malo odyera a azungu okha ku Greensboro kukana kuchoka. Lero yunivesite yomweyo imatulutsa mainjiniya akuda ochuluka kuposa ina iliyonse ku America.

Dera limeneli si lachilendo kwa ife monga mmene lingamvekere. Mankhwala a AZT, oyamba kuvomerezedwa olimbana ndi kachilombo ka HIV mu 1987, anakonzedwa ndi kampani ya Burroughs Wellcome mu Research Triangle Park momwemo. Yunivesite ya ku Chapel Hill yakhala ikugwira ntchito ku Lilongwe kuyambira 1990, ndipo malo ake ali pa chipatala cha Kamuzu Central. Kampani ya Alliance One, imene imagula fodya wathu, likulu la eni ake lili ku Morrisville, m'mphepete mwa malo a kafukufuku omwewo. Iwo fodya akulimabe, ndipo amatsogola pa zigawo zonse za America, koma sakudaliranso iye yekha.

Sindinganene kuti tingotengera zawo. Makhonsolo athu alibe misonkho ndi mphamvu zonga za chigawo cha ku America, choncho ntchito imene kumeneko imagwiridwa ndi bwanamkubwa kuno ili pa boma lalikulu ndi mabungwe ake. Ifenso tilibe Washington wotithira ndalama za kafukufuku, kapena msika wa anthu oposa 300 miliyoni pakhomo. Koma zida zina tili nazo kale. TEVETA ilipo kuyambira 1999, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha 1 peresenti ya malipiro kuti ithandize maphunziro a luso. Makoleji a ntchito zamanja a m'madera anayamba kutsegulidwa mu 2015. Funso limene ndingafunse pa koleji iliyonse mwa amenewa ndi lakuti, kodi silabasi ya zamagetsi inalembedwa ndi ndani, ndipo ndi liti pamene woyang'anira amisiri pa fakitale ya shuga, ya tiyi, ya simenti kapena pa kampani yoika magetsi a dzuwa anakhala pansi ndi aphunzitsi kunena zimene ophunzira anu amafika osazidziwa? Kukumana kumeneko sikufuna madola 60 miliyoni. Lachiwiri ndi lakuti, wophunzira wanu wokhoza bwino akafuna kupita ku MUBAS kapena ku MUST, zaka zimene wathera kwa inu zimawerengedwa mokwanira?

Ndipo pali vuto limodzi limene North Carolina yomwe sinalithetse, limene ndikukhulupirira kuti mukulidziwa bwino kuposa ine. Mphunzitsi wodziwadi makina amakono angathe kulandira ndalama zambiri m'fakitale kuposa pa koleji, choncho makoleji amavutika kusunga aphunzitsi abwino, ndipo otsalawo akakhala zaka zambiri osalowa m'fakitale amayamba kuphunzitsa za makina amene anachotsedwa kalekale. Kumeneko amayesa kuchepetsa vutoli pobwereka mainjiniya a m'makampani kuti aziphunzitsa madzulo, ndi polandira zipangizo zimene makampani apereka. Kuno ndingakonde kuona gawo la ndalama za msonkho wa luso uja likulipirira mphunzitsi ngati inu kukagwira ntchito mwezi umodzi pachaka m'fakitale, ndi gawo lina lotetezedwa logulira mawaya, masiwichi, mamita oyezera ndi zina zimene zimatha pophunzitsa, kuti wophunzira aliyense azimanga yekha bolodi ya magetsi ndi manja ake, m'malo moonerera anzake awiri akugwira pamene ena 30 aimirira kumbuyo.